Khosi la m'Buku ndi Khosi la Amayi

"Sindidula."

A Tabita, azakhali ake a Nércia, ananena mawuwa akubweza lezala m'kapepala kake, ngati munthu amene watsiriza ntchito, chonsecho ntchitoyo anali asanaiyambe n'komwe. Nércia anawayang'ana, kenako anayang'ana mayi ake amene anakhala pamphasa atatsamira chipupa, mutu atakweza. Mtima wake unawira. Anali atapalasa njinga mpaka kumsika wa ku Chifunde kukawatenga azakhaliwo, n'kuwadikira padzuwa mpaka atagulitsa tomato yense, ndipo tsopano khama lonselo linathera pa liwu limodzi.

Vuto linali pakhosi pa mayi ake, a Florência. Pakadzenje ka m'munsi mwa khosi, pamene mafupa a pachifuwa amakumana, panali chotupa chachikulu ngati dzira la nkhunda, chopendekera pang'ono kudzanja lamanja. Chinayamba kuonekera bwino m'dzinja, mayiwo atawonda ndi malungo. Chotupacho sichinkawawa, chimene chinkawawa ndi pakamwa pa anthu. Ku kwaya ya amayi wina anafunsa ngati sichopatsirana, ndipo wina ananong'oneza mnzake kuti zoterezi zimatuluka munthu akameza chinthu cha eni. Kuyambira tsiku limenelo a Florência ankamanga kansalu m'khosi ngakhale dzuwa liswe mtengo, ndipo kutchalitchi anasiya. Tsopano kunatsala milungu iwiri kuti Nércia alandire sakramenti la Ulimbitso kutchalitchiko, koma mayi ake anali atanena kale kuti sadzapita kukaima pagulu kuti anthu aziwaloza ndi milomo.

Kuchipatala anapitako kamodzi, tsiku limene wopima odwala anali atapita kumidzi ndi katemera, ndipo anauzidwa kuti abwerenso Lolemba. Lolemba linafika chimanga chitauma m'munda, a Florência n'kunena kuti chiswe sichidikira munthu. Zoona zake zinali zakuti ankaopa kuuzidwa kuti apite ku Tete. Bambo a Nércia anali kuntchito ku Moatize, ndipo pafoni ankangoti tiona, tiona. N'chifukwa chake Nércia anathamangira kwa azakhali ake.

Dera lonselo linkadziwa kuti pa nkhani ya zithupsa, dzanja la a Tabita linalibe lofanana nalo. Anaphunzira ali mtsikana ku Zambia nthawi ya nkhondo, kumene ankanyamulira namwino wina beseni pamsasa wa othawa kwawo. Kuwerenga sankadziwa, ndipo sankachita nazo manyazi. Koma anali ndi kachitidwe kawo kamene sankadumpha ngakhale wodwala akuwe bwanji. Ankasamba m'manja ndi sopo, n'kugwiragwira potupapo, kenako n'kuthyola kaudzu kouma patsache, n'kukagoneka pamwamba pa chotupacho. Akatero ankawerama n'kumakayang'ana cham'mbali. Tsikulo kaudzuko sikanagone. Kankadzuka n'kugwa, kudzuka n'kugwa.

"Chovina sindidula," anatero a Tabita. "Chithupsa chimatentha, chimawawa, ndipo kaudzu kamangogona phee. Ichi chili ndi ng'oma yakeyake. Alamu, bwererani kuchipatala."

Apa m'pamene Nércia analephera kudzigwira. Iye sanali mwana wamba pa nkhani za thupi la munthu. M'kalasi yachikhumi panalibe womuposa pa biyolojiya, ndipo chithunzi cha mitsempha ya magazi anachikopera m'kope lake ndi zolembera ziwiri, chofiira ndi chabuluu, mpaka aphunzitsi anachizungulitsa kalasi yonse. Ankafuna kudzakhala namwino, ndipo kunena zoona, mumtima mwake anali atavala kale zoyerazo. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi buku.

Anawasonyeza azakhaliwo ndi chala. Mitsempha ikuluikulu yopita kumutu, anatero, imakwera m'mbali mwa khosi, wina uku wina uku. Imachokera mkati mwa chifuwa, kuseri kwa fupa, kumene lezala sangafike. Pakati pamene pali chotupapo pamangodutsa kholingo basi. Ndipo kaudzu kakugwedezeka chifukwa amayi akupuma, nanga munthu wamoyo angaleke kupuma?

A Tabita analandira bukulo n'kuligwira patali ndi nkhope, monga ankachitira ndi nsomba youma imene akuikayikira.

"Anajambula bwino," anatero. "Koma khosi limeneli ndi la ndani?"

"Ndi la munthu aliyense, azakhali."

"Munthu Aliyense ameneyo amakhala kuti? Ku Mualadzi kapena ku Nsadzo? Ine sindinamugwirepo. Ndagwira khosi la mayi ako."

Anabweza bukulo, n'kumangirira dengu lawo panjinga. Potuluka pachipata anatembenuka n'kunena kuti Ndadziwa-kale anamanga nyumba yopanda khomo. Nércia anawayang'ana akupita, misozi yaukali ili m'maso. Chimene chinamuwawa kwambiri sikukanako ayi, koma kuti wagonjetsedwa ndi kaudzu ka patsache pamaso pa mayi ake.

Mlungu wotsatirawo unali wowawa. Lolemba anawachonderera mayi ake kuti apite kuchipatala, iwo n'kuloza mulu wa chimanga chosasenda. Ku katekisimu anzake sankakamba china koma madiresi, ndi amayi awo amene adzakhale kutsogolo, ndi amene adzaimbe. Mnzake wina anamufunsa mwachikondi ndithu kuti amayi akupeza bwanji ndi chija, ndipo Nércia anamuyankha mwaukali mpaka mnzakeyo anakhala masiku awiri osamulankhula. Lachitatu, belu litalira, anathamangira aphunzitsi a Carolina pakhonde n'kuwafunsa ngati pakati pa khosi pamadutsa mtsempha waukulu. Za mayi ake sanatchule, manyazi anamugwira pakamwa. Aphunzitsiwo, mabuku ali m'khwapa ndipo kalasi ina ikuwadikira, anangoti aziona chithunzi cha m'buku, chifukwa chimenecho ndi chimene chidzabwere pamayeso. Nércia anamva zimene ankafuna kumva.

Lachinayi anakumana ndi a Estevão kumsika. Anali bambo wa ku Nsadzo amene ankazungulira m'misika pa mota yake, njinga yamoto, bokosi lachitsulo atamangirira kumbuyo. Ankazula mano, kutema mphini, ndi kugulitsa mapiritsi osanjikiza m'timapepala. Ubwino wake, kwa munthu wofulumira, unali wakuti sankafunsa mafunso ambiri. Nércia atangoyamba kufotokoza, iwo anali atagwedeza kale mutu. Anati zoterezi amachotsa mlungu uliwonse, kangolasa kamodzi zoipa zonse n'kutuluka, pakatha masiku asanu pauma. Anagwirizana kuti afika Loweruka m'mawa, ndipo malipiro ake adzakhala thadzi limene Nércia ankaweta yekha.

Kuwauza mayi ake kunali kovuta kuposa kupeza wodulayo. A Florência anamvetsera akusenda chimanga, osadzutsa mutu. Mwanayo atatha kufotokoza, iwo anangoti, "Paja azakhali ako anakana."

"Azakhali sadziwa ngakhale kulemba dzina lawo," anatero Nércia. "Amayi, munanditumiziranji kusukulu ngati zimene ndikuphunzira simuzikhulupirira?"

Manja a mayiwo anaima. Zaka zonsezi ankanyadira mwana ameneyu, ndipo makope ake ankawasunga m'sutikesi pamodzi ndi nsalu za paukwati. Kenako anati, "Chabwino, mwanawe. Ngati buku lanena." Nércia anasangalala kuti wapambana, ndipo sanaone n'komwe kuti mayi ake akuopa.

Loweruka mota inalira dzuwa litangokwera pang'ono. Anayala mphasa kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mango, kumene anthu odutsa panjira sakanaona. A Estevão anatsegula bokosi lawo, n'kutulutsa lezala ndi kabotolo ka kachasu kotsukira. Chotupacho anangochiponya diso kamodzi n'kunena kuti chapsa. Anauza Nércia kuti agwade kumbuyo kwa mayi ake, dzanja limodzi ligwire pamphumi, ndipo zala ziwiri za dzanja linalo zikoke khungu la pachotupa kuti lilimbe.

Miyezi inayi yonseyi Nércia anali atachiyang'ana chotupacho, atachida, atachikanganira ndi azakhali ake, koma anali asanachikhudzepo ngakhale kamodzi. Ankanyansidwa nacho, ngakhale sakanavomera. Tsopano zala zake zitafika pamenepo, anadabwa kuti sipankatentha. Ndipo panali chinthu chimene chinkakankha zalazo kuchokera mkati, mwamphamvu, mosalekeza. Anadziuza kuti ndi kupuma chabe.

"Mayi, tsekani maso, mugwire mpweya," anatero a Estevão. "Musapume mpaka ndinene."

A Florência anakoka mpweya n'kuugwira. Chifuwa chawo chinaima, mapewa anaima. Koma pansi pa zala za Nércia chinthu chija sichinaime. Chinapitiriza kugunda, ndipo chifukwa cha mantha a mayiwo chinkagunda mofulumira kuposa poyamba. Nércia anachotsa dzanja pamphumi n'kugwira mkono wa mayi ake pafupi ndi chikhato, pamene anaphunzitsidwa kumvera kugunda kwa mtima. Dzanja ili ndi dzanja ilo zinamva ng'oma imodzi.

Lezala anali akutsika kale. Nércia anangophimba chotupacho ndi chikhato chonse. Anamva kuyabwa kuseri kwa dzanja, ndipo kenako magazi ake anayamba kuyenderera m'zala n'kudonthera pa kapulana, nsalu imene mayi ake anavala.

"Imani," anatero. "Musadule. Chikugunda."

A Estevão anakwiya. Anati mwana wamwano ngati ameneyu sanamuonepo, woitana munthu kuchokera kutali n'kumamuphunzitsa ntchito. Anati zotupa zonse zimagunda zikapsa, timagazi tituluka pang'ono basi, achotse dzanja. Nércia dzanjalo sanachotse. Bamboyo anadikira pang'ono, kenako anatseka bokosi lake mwaphokoso, n'kukagwira thadzi lija yekha pakhola, n'kuliza mota. A Florência anatola kansalu kawo ka m'khosi n'kumanga nako dzanja la mwana wawo. Sanamukalipire. Nércia akanakonda akanamukalipira.

Lolemba sipanakhalenso zokambirana za chimanga. Anafika kuchipatala m'mamawa, a Florência atafunda nsalu mpaka m'khosi, n'kukhala pabenchi mpaka dzuwa litafika pamutu. Amene anawalandira anali mayi wamfupi wa magalasi, dzina lake a Sónia, wopima odwala uja, amene anthu ankawatchula kuti a tekinika. Anagwira chotupacho ndi zala ziwiri, anaikapo chomvera mtima n'kumvetsera nthawi yaitali, kenako anakulunga lamba pamkono kuyeza kuthamanga kwa magazi. Atamaliza ananena kuti monga akuonera, chimenecho si chithupsa ndipo si chotupa n'komwe. Ndi mtsempha waukulu wa magazi, umene umadyetsa mutu ndi mkono wamanja.

Nércia anali atabweretsa buku lake. Analitsegula pang'onopang'ono, osati monyada ngati tsiku lija, n'kufunsa kuti nanga bwanji pachithunzipo palibe mtsempha pamalo amenewo.

A Sónia anayang'ana chithunzicho n'kunena kuti bukulo silinaname, koma linajambula zimene zimapezeka mwa anthu ochuluka. Anapempha kope la Nércia ndi pensulo, n'kujambula mtsempha waukulu wochoka mumtima, wopindika ngati chogwirira cha ndowa, ndi nthambi zitatu zokwera m'mwamba. Anati umu ndi mmene anthu ambiri anabadwira. Koma mwa ena nthambi ziwiri zimaphukira pamalo amodzi, mwa ena zimakhala zinayi, ndipo mwa ena ina imayambira kumanzere n'kudutsa kuseri kwa mmero kuti ikafike kumanja. Ambiri a iwo amakalamba osadziwa kalikonse. Kenako anajambula chithunzi china pambali. Apa nthambi yoyamba inakwera kupitirira fupa la pachifuwa, n'kupingasa kutsogolo kwa kholingo isanagawikane.

"Ndikuganiza kuti mayi ako ali chonchi," anatero. "Mwina anabadwa nawo uli pamwamba kale. Tsopano magazi awo akuthamanga kwambiri, ndiye mtsemphawo wapindika, ndipo atawonda waonekera. N'chifukwa chake ngakhale madokotala aakulu, asanacheke pakhosi pa munthu, amayamba agwira ndi kuunika. Sadalira chithunzi chokha."

A Florência anafunsa motsitsa mawu ngati n'chopatsirana. A Sónia anati ayi, ndipo palibe chimene anameza kapena kulakwa. Anawapatsa mapiritsi otsitsa kuthamanga kwa magazi, n'kuwauza kuti achepetse mchere ndipo azibwera mwezi uliwonse. Analembanso kalata yopita nayo ku Tete, kuti makina ounika m'thupi akatsimikize, chifukwa zala ndi makutu zili ndi malire. Ananenetsa kuti chotupacho sichidzatha mawa kapena mkuja, mwinanso sichidzatha konse, ndipo munthu aliyense asadzachilase ndi kanthu.

Pamene ankapinda kalatayo, maso awo anagwera padzanja la Nércia, ndipo anafunsa kuti watani. A Florência anayankha msanga kuti anadzicheka posenda chinangwa. Nércia anamva kutentha kumaso. Mayi amene iye anatsala pang'ono kuwaphetsa anali kumubisira mlandu.

"Si chinangwa ayi," anatero. Ndipo anafotokoza zonse, za azakhali ndi kaudzu kawo, za buku, za bambo wa pamota, osasiyako kanthu.

A Sónia anavula magalasi. Anamasula kansalu kaja, anatsuka balalo, n'kumubaya jakisoni wa kafumbata chifukwa lezalayo sankadziwika kumene anachokera. Atamanga bwino ndi pamene analankhula, mosakweza mawu.

"Lezala ameneyu akanalowa pamene ankapitapo, mayi ako sakanafika ngakhale pamsewu. Ngakhale ine ndikanakhala pambali pawo ndi zida zanga zonse, magazi amenewo sindikanawaletsa."

Nércia sanalire m'chipindamo. Analira panja, kuseri kwa thanki ya madzi, mayi ake ataima pambali. Atatonthola anatulutsa kope lija n'kulemba kanthu pansi pa chithunzi chachiwiri, pensulo ikugwedera chifukwa cha bandeji. Kenako ananyamuka. Atayenda pang'ono anazindikira kuti mayi ake akuyenda khosi lili pamtunda, pakuti kansalu kaja kanatsala kuchipatala ndi magazi ake. Anawauza kuti akhoza kugula kena kumsika.

"Kachiyani?" anatero a Florência. "Ndimayesa ndikubisa matenda. Ngati ndi mtima wanga ukugunda pamenepa, auone. Lamulungu ndidzakhala kutsogolo, ndipo ndidzaimba."

Njira yobwerera inadutsa pamsika. Nércia akanatha kuzungulira kuseri kwa chigayo, ndipo miyendo yake inkafuna kutero, koma analunjika pamene a Tabita anakhala akupanga timilu ta tomato. Anagwada pambali pa dengu, anthu akuona. A Tabita anayang'ana khosi la mlamu wawo, anayang'ana bandeji, ndipo nkhope yawo inasintha. Anali atamva kale za mota imene inalira kuseri kwa nyumba Loweruka, pakuti m'mudzi simubisika kanthu. Anagwira dzanja lomangidwalo n'kulitembenuza mofatsa.

"Wabwera nalonso buku lako lija?" anafunsa.

Nércia anatulutsa kope m'malo mwa buku, n'kutsegula pa tsamba la zithunzi za pensulo. A Tabita analigwira patali ndi nkhope monga mwa masiku onse. Chithunzi choyamba anachidumpha. Pa chachiwiri anatsata ndi chikhadabo nthambi imene inakwera n'kupingasa, mpaka chala chinafika pa zilembo zimene zinali m'munsi.

"Apa palembedwa chiyani?"

"Florência," anatero Nércia. "Ndi khosi la amayi."

A Tabita analiyang'ananso kanthawi, n'kugwedeza mutu.

"Eya," anatero. "Limeneli ndiye ndikulidziwa."